Wogogoda M'munsi mwa Chitseko

Choyamba kusowa chinali pilokesi. Doreen Pawluk anaichapa n'kuipinda pamodzi ndi zinzake, koma kutacha mulu uja unali utaperewera imodzi, yakale ya maluwa abuluu. Sanavutike nazo mtima. M'nyumba yosungira ana a eni ake masana, katundu amamera miyendo. Supuni umakaipeza mu nsapato, nsapato umakaipeza m'bafa. Koma tsiku lotsatira kunasowanso tochi imene inkakhala pamwamba pa filiji, poti mwana sangafikepo ngakhale atakwera pampando. Apa Doreen anaima pakati pa khitchini n'kuyang'ana mwamuna wake.

Orest anali pampando wake wa pawindo, manja ali pamaondo, akuyang'ana msewu. Munthuyu anagwira ntchito ku nkhokwe za tirigu moyo wake wonse, ndipo pa unyamata wake thumba ankalinyamula ndi dzanja limodzi. Tsopano matenda oiwala anali atamudya pang'onopang'ono, moti tsiku lina ankamudziwa Doreen, tsiku lina ankamuthokoza mwaulemu ngati mayi wachilendo amene wamupatsa tiyi.

"Orest, tochi ija mwaiona?"

"Kunja kukuda msanga masiku ano," anatero Orest, osatembenuka.

Mwana wawo Leanne, namwino wa mumzinda, anali atanena kale mosapsatira. "Amayi, ine sindikulimbana nanu. Koma tsiku limene adadi adzatuluke okha kunja kutada, ndidzabwera kudzawatenga. Malo ndawapezera kale." Malowo anali nyumba ya okalamba ya kumzinda komweko, ulendo wa theka la tsiku pa galimoto. Doreen anakaionapo. Inali yaukhondo, yofunda bwino, ya zitseko zosatseguka kwa amene ali mkati. Kuchokera tsiku limenelo analumbira mumtima kuti Orest adzafera pabedi lake, m'nyumba imene anaikhomera yekha denga.

Inali sabata yomaliza ya Okutobala, ndipo kwathu kuno ku Manitoba makonde anali atadzaza maungu osemedwa maso ndi mano. Anthu ankakonzekera Halowini, usiku umene ana amavala zachilendo n'kumagogoda khomo ndi khomo kupempha maswiti, n'kumawaponya mu pilokesi. Masana nyumba ya Doreen inkakhala phokoso lokhalokha. Chaka chilichonse Halowini ikamayandikira, ankatulutsa bokosi lalikulu la zovala zimene anasoka yekha: njuchi, mfiti, wozimitsa moto, dzungu la miyendo. Zonse ankazisoka zazikulu dala kuti zikwane pamwamba pa jekete, poti kuno mwana wofuna kutchena ngati mfumukazi popanda jekete amabwerera kunyumba mano akugundana. Ankaimika chitseko cha katoni pakati pa balaza, iye n'kugwada kuseri kwake ndi mbale ya maswiti a mapepala. Ana ankabwera mmodzimmodzi, kugogoda, n'kukuwa "Maapozi a Halowini!" monga timakuwira kuno, ngakhale palibe amene amaperekanso apozi.

"Nyumba yozima nyale ya pakhonde timaidumpha," ankawaphunzitsa. "Yoyaka nyale timagogoda, wina atsegula. Amayi kapena adadi amatsala pamsewu. Pakhomo umapita wekha, ndiwe wamkulu." Theka la tauni ino linaphunzira ulemu pa chitseko cha katoni chimenecho, ngakhale ena a iwo ukawaona lero sungakhulupirire.

Chaka chino ana anamusandutsa Orest kukhala bambo wa pamsewu. Kamtsikana kena, Piper, katavala njuchi, kanamugwira chala n'kumukokera m'mphepete mwa kapeti. Orest anaima pamenepo, kamwanako kanapita kokha kukagogoda, ndipo katalandira switi yake ya pepala, Orest analankhula ndi mawu ake akale, okhuthala ndi omveka bwino.

"Unene zikomo."

Ana anaseka. Doreen, kuseri kwa katoni, anasuzumira, chifukwa mawu otero anali asanawamve m'nyumbamo kwa nthawi yaitali. Usiku wa tsiku limenelo ndi umene pilokesi inasowa, koma iye sanazilumikize msanga.

Mphekesera inabwera ndi Gord, bambo ake a Piper, pobwera kudzatenga mwana wake. Gord ndi munthu woti nkhani ikamugwera m'kamwa imamuyabwa.

"Mayi Pawluk, mwamva za mzukwa wa mumsewu wanu uno? Ndi wolimbikira ntchito, wayamba Halowini isanafike. Dzulo wagogoda kwa Mayi Thiessen, dzana kwa ansembe. Ukatsegula, mphepo yokha. Ine ndikuti ndi anyamata a kusekondale awa, amamanga ulusi pachitseko n'kukabisala kumpanda. Ndikagwira mmodzi ndimuveka njuchi imeneyi, apite nayo kusukulu."

Doreen anaseka nawo, pakamwa pokha. Ana onse atapita, anakasuzumira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Nsapato za Orest zinali ndi matope atsopano, ndi tsamba lonyowa litamatirira kuchidendene. Anazitsuka mwakachetechete, n'kukazibisa m'chipinda cha pansi, kuseri kwa mabotolo a nkhaka zoviika. Anaganiza kuti munthu wopanda nsapato sangatuluke.

Anachitanso china. Leanne yemweyo ananenapo kale kuti odwala matendawa sayang'ana pansi akamafuna kutsegula chitseko. Choncho Doreen anagula kampiringidzo kachitsulo n'kukakhomera m'munsi mwenimweni mwa chitseko cha kukhitchini, pafupi ndi pansi. Orest anachitidwa opaleshoni ya chiuno, moti kuwerama kunali kutamukana. Ngakhale sokosi ankachita kumuveka.

Madzulo amenewo anamugoneka mwamuna wake atangodya, iye n'kukhala pampando pafupi ndi chitseko cha kumaso, atatsimikiza kuti sagona. Mphepo inkakwekwereza nthambi padenga. Pansi pa nyumba chotenthetsera chinkayamba kung'ung'uza, n'kusiya, n'kuyambanso. Galu wa kutsidya anauwa kamodzi n'kukhala chete mwadzidzidzi, ngati wamuzindikira munthu. Koma munthu amene watha tsiku lonse akugwada ndi kudzuka pakati pa ana, tulo sitimupempha chilolezo.

Chinamudzutsa ndi kamphepo kozizira m'miyendo. Chitseko cha kukhitchini chinali chotseguka pang'ono, kampiringidzo kaja katakokedwa. Orest anali pabedi, akupuma bwinobwino, masaya ali ozizira, sokosi zili zonyowa. Pabalaza bokosi la zovala linali lovundukula. Njuchi, mfiti ndi zinzake zinali zitayalidwa pansi mwadongosolo, ndipo pansi pa bokosi, pamene Doreen ankaika kanthu kokulunga mu pepala, panali pepala lokha.

Anakhala pansi pomwepo. Kanthuko kanali chovala cha chimbalangondo chofiirira, cha makutu ozungulira, chimene anasokera mwana wawo woyamba, Curtis, zaka zoposa makumi anayi zapitazo. Curtis anali ndi zaka zisanu, ndipo chaka chimenecho chinali choyamba choti akagogode yekha, bambo ake atatsala pamsewu. Orest anali atamulonjeza. Sabata ya Halowini mwanayo anadandaula mutu, khosi linauma, ndipo asanachivale n'komwe chimbalangondo chake anamuika m'manda. Doreen sanalire pamaso pa anthu. Anachotsa zithunzi, anayamba kusunga ana a eni ake, ndipo dzina la Curtis silinatulukenso pakamwa pake. Orest akafuna kulitchula, iye ankatuluka m'chipinda, mpaka bamboyo anaphunzira kukhala chete. Tsopano matenda anali atafufuta zambiri m'mutu mwa Orest, ndipo zikuoneka kuti anafufuta ndi maliro omwe, n'kusiya lonjezo.

Koma funso limene linamusowetsa tulo mpaka m'mawa silinali limenelo. Anagwada pachitseko paja, n'kukoka kampiringidzo, n'kukabwezera. Kanali kolimba, koti munthu akakoke ndi zala, atawerama.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Halowini ifike, Elfrieda Thiessen, mayi wamasiye wa kutsidya kwa msewu, anabwera ndi mphika wa supu ana ali mtulo ta masana. Anakhala kukhitchini n'kumalankhula monong'ona, maso ali kwa Orest.

"Dor, ndinamuona. Ndi Orest."

"Sunaone bwino. Maso akowo ndi a magalasi."

"Takhala moyang'anizana kuyambira liti? Ngakhale kutsokomola kwake ndimakudziwa."

Doreen anamugwira dzanja. "Usamuuze Leanne. Ndakupempha, Frieda."

"Si zimene ndabwerera." Elfrieda anasendera pafupi. "Iye sanafike pakhomo, Dor. Ndinali pawindo, ndinkamuona. Anaima pamsewu nthawi yonseyo, tochi ataloza pansi. Koma chitseko chinagogodedwa. Osati pamwamba apa, ayi. M'munsi, cha m'maondo muno."

"Ndi mphepo."

"Mphepo imagogoda n'kudikira?"

Kuchipinda mwana wina anatembenuka n'kuusa moyo m'tulo.

"Ndiye unatani?" anafunsa Doreen.

"Ndikanatani? Ndinatsegula n'kutambasula mbale ya maswiti. Ndinaima choncho ngati chitsiru, ndikugwirira mdima mbale, mpaka iye anati 'Unene zikomo,' n'kumapita." Elfrieda anapukuta maso ndi kunsi kwa chala. "Mawa kugwa chipale, wailesi yanena. Wobisa matenda, maliro amamuulula, mnzanga."

Chipale chinayambadi kugwa masana a Halowini, chofewa, chosachita phokoso. Dzuwa litangolowa msewu unadzaza ana onenepa ndi majekete, makolo ataima m'mphepete, manja ali m'matumba. Doreen anapereka maswiti mpaka mbale inatsala pang'ono kuuma, Orest ali pambali pake akumwetulira mwana aliyense. Kenaka ana anayamba kuchepa, phokoso linazilala, ndipo makandulo a m'maungu anayamba kuzima okha.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Doreen anamugoneka mwamuna wake, anatseka chitseko ndi kampiringidzo, anavala jekete, n'kukhala pakona ya khitchini mumdima. Anadikira. Filiji inkang'ung'uza. Patapita nthawi anamva bedi likulira, kenaka mapazi okwekwereza m'kanjira. Orest analowa atavala chikhothi chake pamwamba pa zovala zogonera. Dzanja lamanzere linali ndi tochi yozima, pilokesi ili pakhosi ngati mpango. Dzanja lamanja linagwira dzanja la chimbalangondo chija, thupi lake likulendewera pambali pa mwendo wake, miyendo ikukwekwa pansi.

Anaima chilili kutsogolo kwa chitseko. Sanawerame. Kumunsi kunali mdima bii, Doreen sankaona kanthu, koma makutu ake anamva bwinobwino kachitsulo kakukwekwereza pang'onopang'ono, kuima, n'kukwekwerezanso, monga zimachitira zala zopanda mphamvu.

"Wachita bwino," anatero Orest chapansipansi, n'kutsegula.

Doreen anawatsatira. Kunja kunali zii, chipale chitameza phokoso lonse. Nthawi imeneyo makonde amayenera kukhala atazima, koma mumsewu wonse nyale zinali zikuyakabe, nyumba ndi nyumba. Anazindikira kuti anthu akudziwa, ndipo adikira. Manyazi ndi chisoni zinamugwira nthawi imodzi.

Ukayang'ana chakumbuyo, unali bambo ndi mwana wake basi, wina wamtali, wina wamfupi, akuyenda pang'onopang'ono. Pa geti la ansembe Orest anaima n'kusiya dzanja lija. Chimbalangondo chinagwa pa chipale n'kukhala kamulu kansalu. Orest sanachiyang'ane. Maso ake ankatsatira kanjira kopita pakhonde, mutu ukutembenuka pang'onopang'ono. Doreen anayang'anitsitsa chipalecho mpaka maso anamuwawa, koma panalibe phazi ngakhale limodzi.

Go, go, go.

Kunali kugogoda kofooka, kwa m'munsi. Chitseko chinatseguka, ansembe anatuluka ndi mbale, nkhope ili mbuu, n'kuitambasula kumunsi.

"Unene zikomo," anatero Orest. Anadikira kanthawi, anagwedeza mutu mokhutira, ndipo popanda kuwerama kwambiri anakola nsalu ija ndi nsonga ya zala n'kuigwiranso padzanja.

Anayenda choncho nyumba ndi nyumba, kutsika mbali ino, kukwera mbali inayo. Kwina ankatsegula, kwina makatani ankangogwedezeka. Doreen anafuna kumuitana, koma nkhope ya Orest pansi pa nyale za mumsewu inali ya munthu wokondwa, ndipo analephera.

Atafika pa geti la Elfrieda, galimoto inakhota pakona n'kuima pambali pawo. Anatuluka ndi Leanne, atavala jekete pamwamba pa yunifolomu. Elfrieda anali pakhonde pake, dzanja lili pakamwa, osayang'ana Doreen. Ndiye amene anaimbira Leanne foni.

"Amayi," anatero Leanne, mawu ali pansi. "Zayamba liti?"

"Lero lokha. Ndili nawo pompano, sali okha. Ukuona ndili nawo."

"Amayi, musandinamize. Taonani mapazi awo."

Doreen anayang'ana pansi. Orest anali atavala nsapato za m'nyumba, zansalu, ndipo imodzi inali itatsala penapake m'njira. Sokosi inali itauma gwa ndi madzi oundana, chala chachikulu chitatulukira pachibowo, chili chotuwa ngati phulusa. Pachipale pamene anaponda panali timadontho ta magazi. Iye sankamva kanthu. Nsapato zake zenizeni zinali kuseri kwa mabotolo a nkhaka, kumene Doreen anazibisa ndi manja ake.

Mphamvu zonse zimene anagwirira nkhaniyi zinamuthera pomwepo. Sanatsutsenso.

Leanne anapita kwa bambo ake. "Adadi, ndine Leanne. Tiyeni m'galimoto, mukufunda."

"Pepani mayi," anayankha Orest mwaulemu. "Sitinamalize. Kwatsala nyumba imodzi."

"Adadi, miyendo yanu."

"Ndinamulonjeza." Anafinya dzanja lansalu lija, n'kubwerera m'mbuyo. Leanne anayang'ana chimbalangondocho, kenaka amayi ake. Iye anali wakhanda pamene mchimwene wake ankamwalira, ndipo ankamudziwa kudzera m'chete wa m'nyumba mwawo basi. Anamukoka bambo ake pamkono, koma munthu wa nkhokwe za tirigu akakana kusuntha, sasuntha.

"Tiwanyamule ndi Gord?" ananong'ona Leanne. "Sindikufuna kuwakakamiza, amayi, koma chala chimenecho chikachedwa achidula."

Doreen anadziwa kuti pali mawu amodzi okha amene angamulowetse m'galimotomo, ndi kuti akawanena, Orest sadzagonanso pabedi lake. Anasendera pafupi n'kumukonzera kolala ya chikhothi, monga ankachitira m'mawa uliwonse akamapita kuntchito.

"Orest, pitani mukafunde. Ndimumalizitsa ine."

Orest anamuyang'ana nthawi yaitali, chipale chikugwera pa nsidze zake. Kenaka nkhope inamasuka.

"Dor," anatero. Anali asanamutchule dzina sabata yonseyo. "Wabwera. Amakufunsatu, masiku onsewa."

Doreen anagwedeza mutu.

"Umugwire bwino, amathamangira pamsewu. Ndipo usamulole kudya maswiti onse lero, m'mimba mumupweteka." Anavula pilokesi pakhosi n'kumukoleka paphewa, kenaka anatenga dzanja la mkazi wake n'kuikamo dzanja la chimbalangondo, n'kumutseka zala ndi zake. Nsaluyo inali yofunda, kaya chifukwa cha chikhatho cha Orest.

Analowa m'galimoto yekha ngati mwana womvera. Leanne anamukulunga miyendo ndi bulangeti, n'kutembenuka.

"Lowani, amayi. Tipite limodzi kuchipatala."

"Pita. Ndibwera mawa ndi zovala zawo."

"Muima pano nokha?"

"Ndawalonjeza, Leanne."

Galimoto inanyamuka. Orest anakweza dzanja pawindo, osati kwa Doreen, koma chakumunsi pambali pake, mpaka nyale zofiira zinakhota pakona. Elfrieda anaitana kuchokera pakhonde, "Dor, pepa. Dzalowe umwe tiyi." Doreen anapukusa mutu. Chitseko cha Elfrieda chinatsekeka, nyale yake inazima, ndipo zina zonse zinayamba kuzima motsatizana mpaka msewu unada.

Kunatsala nyale imodzi, kutsidya, pakhonde la nyumba yake yomwe. Anali ataiwala kuizimitsa.

Anawoloka msewu pang'onopang'ono, miyendo ya chimbalangondo ikukwekwa m'chipale pambali pake. Pa geti lake anaima, pamene kholo limayenera kuima. Chisoni chimene anachitsekera zaka zonsezi chinamubwerera chonse, moti anafuna kungolowa, kuzimitsa nyale, kukagona. Koma anatambasula zala, ndipo nsalu ija inagwa pansi.

Anadikira. Chipale chinkagwa pa kanjira koyera, kopanda phazi.

Go, go, go.

Kuseri kwa chitsekocho kunali mpando wa pawindo, chitseko cha katoni chotsamira khoma, ndi bedi limene linali lisanazizire bwino. Kunalibe woti n'kudzuka.

"Curtis," anatero Doreen, kutchula dzinalo koyamba m'zaka zonsezi. "Mulibe munthu mmenemo, mwanawe. Adadi ako ndawapereka."

Kugogoda kunasiya kanthawi. Kenaka kunayambiranso, pang'onopang'ono ndi moleza mtima, poti mwanayo anaphunzitsidwa kuti nyale ikamayaka, wina amatsegula.